Mutu 9: Tchire Likamabwerera pa Nkhuti ndi pa Mgodi

Woyenda pa msewu wa M18, wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota, akamayandikira pa Malomo m'boma la Ntchisi amaona nyumba za njerwa zowotcha zitandandalikana mbali zonse ziwiri. Nyumba iliyonse mwa izo inasiya dzenje kwinakwake. Dothi la njerwa linafukulidwa m'nkhuti kuseri kwa mudzi kapena m'mphepete mwa dambo, mchenga unawoledwa mumtsinje, miyala ya maziko inaswedwa ndi hamala pathanthwe, ndipo nkhuni zowotchera uvuni zinatsika kuphiri pangolo. Nawonso msewu uli ndi maenje ake, momwe magalimoto a matipa ankatapa dothi lofiira lamiyala loyalira pansi pa phula.

Pa Malomo palibe mgodi waukulu wa makina ndi zitsime zakuya. Komabe ntchito yokumba ili ponseponse m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. M'madambo a kufupi ndi Mponela anthu akhala akukumba jipisamu, mwala woyera wofewa wopangira choko ndi simenti. Ku Katengeza, m'boma la Dowa lomwelo, pansi pali girafaiti. Kutsidya kwa Bua, m'boma la Kasungu, kuli miyala ya laimu imene kampani ya Shayona imapangira simenti, ndipo zaka zaposachedwapa anthu ambiri athamangira kumeneko kukasaka golide ndi makasu ndi mabeseni.

Ntchito yokumba imatha, okumba n'kusamuka, koma dzenje limatsala. Chimene chimachitika pambuyo pake n'chofanana pa nkhuti ya m'mudzi ndi pa mgodi waukulu wa ku Zambia kapena ku Joni. Zomera zimabwerera, ndipo zimabwerera mwadongosolo, china chikutsegulira chinzake njira. Koma liwiro lake, ndiponso ngati chobwereracho chidzakhale nkhalango yeniyeni kapena udzu wongophimba poizoni, zimatengera zimene okumbawo anasiya.

Zaka zoyamba za nkhuti

Oumba njerwa akamaliza ntchito m'mwezi wa Okutobala, nkhuti imakhala gwaa. Dothi lakuda lapamwamba, lomwe munali mizu, njere ndi nyongolotsi, linapita kalekale m'chikombole. Chatsala ndi katondo wouma, wopondedwapondedwa mpaka kulimba, woti khasu limachita kudumpha. Pamene panali uvuni pali bwalo lofiira psuu, zidutswa za njerwa zosweka ndi phulusa.

Mvula yoyamba ikagwa, madzi salowa pansi. Amangodikha m'dzenjemo, ofiirira, ndipo oyamba kufika ndi okhala m'madzi. Achule amayamba kulira usiku womwewo, ndipo pasanathe sabata mbululu zili yakaliyakali m'mbali. Atombolombo amaikira mazira pamwamba pa madzi, ndere n'kuyala. Ngati nkhutiyo ili pafupi ndi dambo, madzi osefukira amabweretsa matemba ndi milamba. Mlamba ndiye katswiri wa malo otere, poti umatha kupuma mpweya wa kunja ndi kukwawa paudzu wonyowa kuchoka pa chithaphwi china kupita pa china. Kumene kuli achule ndi nsomba sikuchedwa kufika nantchengwa ndi akakowa, ndipo m'matope a kumapazi kwawo mumakhala njere za zomera za kudambo lina.

Kumtunda, m'mphepete mwa dzenje, oyamba ndi maudzu amene alimi amalimbana nawo m'munda. Kapinga amayanga kuchokera m'mbali, mfundo iliyonse ikugwira pansi. Chisoso chimabwera chitakakamira pa ubweya wa mbuzi ndi pa zitenje za amayi opita kukatunga madzi. Bonongwe amakonda pamene panatayidwa phulusa kapena pamene ng'ombe inasiya ndowe. Nsatsi zimamera pa mulu wa zinyalala. Zambiri mwa zomera zimenezi zimakula msanga, zimabala njere zambirimbiri, n'kufa. Imfa yawoyo ndiyo ntchito yawo yaikulu, chifukwa masamba ndi mizu yowola ndiyo manyowa oyamba pa katondo uja.

Kenako amagwira ntchito ndi chiswe. Chimakokera mapesi ouma pansi, chimaboola tinjira tolowa madzi ndi mpweya, chimatulutsa dothi lakuya n'kulisakaniza ndi lapamwamba. Chaka ndi chaka mvula imagumula makoma a nkhuti, matope ochokera m'minda ya kumtunda amadzaza pansi, dzenje limayamba kuphwa. Mkati mumamera bango, m'mbali tsekera ndi nsenjere. Pakadutsa zaka zingapo, pakati pa udzuwo pamatulukira timitengo: mthethe, umene tizilombo ta m'mizu yake timatenga chonde mumpweya n'kuchiika m'nthaka, chitimbe, chomwe njere zake zimadzera m'ndowe za ng'ombe, mpoza, ndi kachere kapena mkuyu, wofesedwa ndi apumbwa ndi mileme. Mtengo umodzi ukangokula kufika poti mbalame n'kuterapo, pansi pake pamagwa njere za mitengo ina yambiri.

Thamanda la m'nkhuti lili ndi mbali yake yowawa. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kuswana m'madzi osaya, odikha, owombedwa ndi dzuwa, ndipo nkhuti yatsopano imapereka zonsezo pafupi ndi makomo. Nkhono zofalitsa likodzo zimakhazikika m'maenje osaphwa. Ndipo dzinja lililonse m'dziko muno mumamveka za ana omira m'maenje a njerwa ndi a msewu omwe anasiyidwa osakwirira, poti makoma ake amakhala oongoka ndi oterera.

Ng'anjo za m'nkhalango ya Kasungu

Wofuna kuona mapeto a kubwerera kwa tchire pakadutsa zaka pafupifupi 100 apite kumadzulo kwa Malomo, ku malo osungirako nyama a Kasungu. M'kati mwa miombo ya kumeneko muli ng'anjo zadothi zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, zina zidakaimirira, zotalika kuposa munthu. Dera limenelo linali la mafakitale a Achewa. Amisiri ankakumba miyala ya chitsulo, ankawotcha makala, ankaumba ng'anjo ndi dothi la pachulu, n'kuika timipope tadothi kunsi kwake kuti mphepo izilowa yokha popanda mivukuto. Zotuluka m'ng'anjo yaikuluyo ankakazisungunulanso m'ng'anjo yaing'ono yotchedwa chiramba, kenako osula n'kupanga makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Makasuwo ankayenda mitunda italiitali pa malonda.

Ntchitoyi inkadya mitengo kwambiri. Miyala ya ku Kasungu inali ndi chitsulo chochepa, choncho pankafunika makala ochuluka kuti papezeke chitsulo cha makasu owerengeka. Inazilala cha m'ma 1930, makasu a m'sitolo ochokera kunja atafala. M'zaka za m'ma 1980, akatswiri ofukula zakale, kuphatikizapo David Killick, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anacheza ndi nkhalamba za m'dera la Chulu zomwe zinagwirako ntchitoyi zili achinyamata, n'kulemba luso lawo lisanatayike.

Mbiri ya nkhalango ya Kasungu inathandiza tchire. Mu 1922 boma la atsamunda linasamutsa anthu m'dera lina kumadzulo kwa Kasungu chifukwa cha matenda a kaodzera ofalitsidwa ndi kashembe, n'kulisandutsa nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 linakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 linakwezedwa kukhala paki ya dziko, yaikulu makilomita oposa 2,300 m'bwalo lake. Nkhwangwa zitachoka, miombo inatseka njira za osula, mabwinja a midzi ndi maenje a miyala. Lero mlendo angadutse pafupi ndi ng'anjo osaiona. Chomuuza kuti pano panali moto waukulu ndi timiyala takuda tolemera, ta timabowo, tomwe tinatsala chitsulo chitachotsedwa.

Nkhalango inabwerera mosavuta chonchi pa zifukwa zitatu. Osula ankadula mitengo koma sankazula zitsa. Maenje awo anali aang'ono ndi osaya, dothi lapamwamba silinapite kutali. Ndipo mbali zonse kunali tchire lamoyo lotumiza njere, mbalame ndi nyama.

Mphamvu ya miombo ili m'chitsa

Mitengo ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga mombo, tsamba, mchenga, msuku, muwanga ndi thombozi, inazolowera moto, chilala ndi nkhwangwa. Gawo lalikulu la moyo wake lili pansi. Mombo ukadulidwa, chitsa chimatulutsa mphukira zambiri mvula isanagwe n'komwe, chifukwa mizu yakale idakali ndi chakudya ndipo ikufika pamene pali chinyezi. N'chifukwa chake tsala losiyidwa zaka zochepa limasanduka thengo, ndipo mlimi wofuna kulitsegulanso amachita ngati akuswa mphanje.

Kumera kuchokera ku njere ndi nkhani ina. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, zikhokhombe za mombo ndi tsamba zimaphulika, kuli thethethe m'nkhalango masana, koma njerezo zimagwa pafupi ndi mtengo womwewo. Sizouluka ndi mphepo, mbalame sizizinyamula, ndipo sizikhalitsa m'dothi. Yomwe yamera imakula mochedwa kwambiri: kwa zaka zingapo kamtengo kapamwamba kamauma chilimwe chilichonse n'kuphukanso, pamene muzu ukuloweralowera pansi. Kuwonjezera apo, mizu ya mitengo imeneyi imakhalira limodzi ndi ulusi wa bowa, umene umaithandiza kuyamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Ndelema ndi manyame amene amayi amazula m'dzinja ndi zipatso za ulusi umenewo, ndipo n'chifukwa chake bowa ameneyu sapezeka kawirikawiri m'munda wa bulugamu. Katapila akapala dothi lapamwamba, amachotsa zitsa, mizu ndi ulusi wa bowa nthawi imodzi.

Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2008, wochitika ku Nhambita pafupi ndi Gorongosa m'dziko la Mozambique, anayeza minda yosiyidwa zaka zosiyanasiyana. Anapeza kuti pakatha zaka 20 mpaka 30 matsala amakhala ndi mitengo yochuluka pafupifupi ngati ya m'nkhalango yosadulidwa, koma mitundu yeniyeni ya miombo inali isanabwerere. Apo n'kuti pali pamunda wa khasu. Pa mgodi, pomwe nthaka yonse yatembenuzidwa, nthawi yake ndi yotalikirapo, poti sentimita imodzi ya dothi lachonde imatenga zaka mazana kuti ipangike payokha.

Apa m'pomwe nkhalango zotsala zimaonekera kufunika kwake. Nkhalango ya m'phiri la Ntchisi, kum'mwera chakum'mawa kwa Malomo, yotetezedwa kuyambira 1924, momwe makolo ankabisala pa nkhondo za Angoni, ndi nkhokwe ya mbewu ya dera lonselo. Chimodzimodzinso Kongwe ku Dowa ndi nkhalango ya Nkhotakota kum'mawa. Ngakhale msitu wa kumanda, umene mudzi uliwonse wa Achewa suulola nkhwangwa, umadyetsa mbalame ndi mileme zimene zimakafesa mitengo pa nkhuti yoyandikana nayo. Dzenje lokhala pakati pa minda yokhayokha, kutali ndi msitu uliwonse, limatha zaka zambiri lili ndi udzu ndi deliya basi.

Abongololo a ku Mombasa

Pali malo ena oti chilengedwe pachokha chimalephera poyambira. Kumpoto kwa mzinda wa Mombasa ku Kenya, fakitale ya simenti ya Bamburi, yomwe inayamba kupanga simenti mu 1954, inkakumba miyala ya laimu m'mphepete mwa nyanja. Pomwe makina adutsa pankatsala thanthwe loyera mbee, lotentha, lopanda dothi ngakhale la m'dzanja, ndipo madzi a pansi pake anali amchere. Zaka zinkapita popanda chomera chooneka.

Mu 1971 katswiri wa zaulimi wochokera ku Switzerland, René Haller, yemwe ankagwira ntchito pakampaniyo, anayamba kuyesa. Anabzala mitundu 26 ya mitengo m'timaenje tokumbidwa pathanthwe, ndipo itatu yokha ndi imene inapirira. Wopambana onse unali casuarina, mtengo wa masamba ngati singano, umene umapirira mchere ndipo mizu yake imadzipezera chonde kuchokera mumpweya. Mitengoyo inakula, koma panabuka vuto lina. Masamba ake ankangounjikana pansi osawola, chifukwa ndi olimba ndipo pathanthwepo panalibe tizilombo towoletsa.

Haller anazindikira kuti bongololo wakuda wa miyendo yofiira, wopezeka m'tchire la m'mbali mwa nyanja, amadya masamba oumawo. Anasonkhanitsa abongololo ambiri n'kuwamwaza pansi pa mitengo. Iwo ankadya masamba, zitosi zawo n'kukhala chakudya cha tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo patatha zaka pafupifupi 20 pamwamba pa thanthwe panali dothi lakuda lokwana masentimita 10. M'dothi limenelo anabzalamo mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango za kugombe, mitundu yoposa 100, pamene ina inabwera yokha ndi mbalame, mileme ndi apusi. M'maenje akuya anaikamo nsomba. Malowo lero amatchedwa Haller Park, ndipo ana a sukulu amapitako kukaona akadyamsonga, mvuu, ng'ona ndi akamba akuluakulu.

Haller sanabweretse dothi pa malole. Anafufuza pamene unyolo wa chilengedwe unadukira, n'kulumikiza pamenepo, zotsalazo zinachitika zokha. Chinamuthandiza n'chakuti mwala wa laimu ulibe poizoni. Miyala ya kwale, maenje a msewu ndi nkhuti za ku Ntchisi zili m'gulu lomweli: ndi malo osauka, koma osaopsa kwa chomera.

Kubiriwira kobisa poizoni

Migodi ya zitsulo ndi malasha ndi yosiyana, ndipo amuna ambiri a ku Dowa ndi Ntchisi anaiona ndi maso awo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka pomwe ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74, Dr Kamuzu Banda n'kuimitsa maulendo a ku migodiwo. Obwerako ankasimba za mapiri achikasu ozungulira Johannesburg, opangidwa ndi mchenga wotsala golide atachotsedwa, omwe anayamba kuunjikidwa golide atapezeka mu 1886.

Pa mapiri amenewo udzu unkakana kumera. Mchengawo uli ndi mwala wonyezimira wotchedwa pyrite, womwe ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi. Mphepo ya mu Ogasiti inkaulutsa fumbi lake kulowa m'nyumba za anthu. Cha m'ma 1960 eni migodi anayamba kuthira laimu ndi feteleza, kuwaza madzi otsuka asidi, kuzika mipanda ya bango yotchinga mphepo, n'kufesa udzu. Mapiri ambiri anabiriwira ndithu, ena n'kumera mitengo. Koma pansi asidi sanasiye kupangika. Migodi itatsekedwa, mapampu opopa madzi anazimitsidwa, madzi anadzaza m'ngalande zapansi, ndipo mu 2002 anatumphukira kunja kufupi ndi Krugersdorp ali ofiira, owawasa, onyamula zitsulo ndi yureniyamu. Bango limamera m'mitsinje yotero, mbalame zimamanga zisa, koma madziwo sangamwedwe.

Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira ntchito kuyambira 1906 mpaka 1994. Zaka zoposa 30 chitsekereni, m'makomboni oyandikana nawo monga Chowa, Kasanda ndi Makululu muli mitengo ya mango, udzu ndi madimba monga kwina kulikonse. Koma mtovu suwola. Udakali m'fumbi limene ana amaseweramo, ndipo kuyeza magazi kwasonyeza mobwerezabwereza kuti ana ambiri kumeneko ali ndi mtovu wochuluka moopsa, umene umawononga ubongo. Mu 2020 anthu a m'derali anakasuma kampani ya Anglo American ku khoti la ku Johannesburg. Kabwe amatchulidwa kawirikawiri pakati pa malo oipitsidwa kwambiri padziko lapansi, chonsecho wongodutsa pa basi sangaone chachilendo.

Zomera zina zinaphunzira kukhala pa nthaka ya zitsulo. Ku Copperbelt kuli kachitsamba kotchedwa Ocimum centraliafricanum, kamene ofufuza miyala ankakatsata chifukwa kamakonda pamene pali kopa. Kuzungulira ng'anjo za kopa za ku Lubumbashi m'dziko la Congo, duwa la Haumaniastrum katangense limayala pamalo pomwe zomera zina zinapserera. Akatswiri amagwiritsa ntchito zomera zopirira chonchi pomanga dothi kuti lisauluke kapena kukokoloka. Zimathandiza, koma chitsulocho chimakhala chili pomwepo, ndipo mbuzi yodya masamba a zomerazo imachitengera m'thupi. Ndipo zimene tchire lamanga m'zaka zambiri zikhoza kufafanizika tsiku limodzi, monga zinachitikira pa 18 Febuluwale 2025, pomwe damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Kafue, nsomba n'kufa mtunda wautali.

Kwathu kuno chitsanzo chili ku Mwabulambo m'boma la Karonga. Kampani ya Eland inasiya kukumba malasha kumeneko mu 2015, ndipo lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2016 linafotokoza za maenje akuya osakwirira ndi milu ya malasha yosiyidwa pafupi ndi midzi ndi minda ya mpunga. Maenje otero amadzaza madzi, m'mbali n'kumera udzu, ana ndi ziweto n'kumapitako.

Ntchito yoyamba isanakumbidwe fosholo yoyamba

Malawi akulowa m'nyengo ya migodi. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, unayambiranso mu 2025 uli m'manja mwa kampani ya Lotus Resources. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kanyika m'boma la Mzimba kukukonzedwa migodi ina. Pafupi kwambiri ndi Dowa pali Kasiya, m'boma la Lilongwe, komwe kwapezeka rutile ndi girafaiti wochuluka m'dothi losaya, pansi pa minda ya anthu. Kumeneko funso la dothi lapamwamba ndi la nsima yeniyeni. Mu 2024 kampani ya Sovereign Metals inakumba dzenje loyesera, inalikwirira, inakonza nthaka ndi laimu, feteleza ndi makala osinja, n'kubzalapo chimanga pamodzi ndi alimi, ndipo inalengeza kuti zokolola zinali zabwino. Munda woyesera ndi waung'ono ndipo umasamalidwa mwapadera. Chimene alimi a m'dera lonselo ayenera kuchiyang'anitsitsa ndi chakuti zomwezo zichitike pa mahekitala zikwizikwi, chaka ndi chaka, mpaka mgodi utatsekedwa.

Malamulo alipo. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, lomwe limaunika ntchito zazikulu zisanayambe. Lamulo la migodi la 1981 linalowedwa m'malo ndi la 2019, kenako la 2023, ndipo malamulo atsopanowa amafuna kuti wokumba akhale ndi dongosolo lokonzanso malo ndi lotsekera mgodi. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za mabizinesi akuluakulu. Koma maenje ambiri a m'midzi sakumbidwa ndi makampani a ziphaso. Amakumbidwa ndi achinyamata oumba njerwa pa ganyu, ndi oswa miyala, ndi makontirakitala a misewu, ndipo amene ali nawo pafupi ndi nyakwawa, gulupu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi.

Zofunika kuchita pa maenje oterewa n'zosafuna ndalama zambiri. Dothi lakuda lapamwamba lipalidwe n'kuunjikidwa pambali kukumba kusanayambe, libwezedwe ntchito ikangotha, lisanakhalitse padzuwa mpaka njere ndi ulusi wa bowa kufa. Makoma a dzenje agumulidwe kuti akhale otsetsereka pang'ono, mwana kapena ng'ombe izitha kutuluka. Pansi polimba patipulidwe, pathiridwe manyowa ndi mapesi. M'mphepete mubzalidwe vetiva kapena nsenjere zogwira dothi. Dzenje losaphwa likhoza kusanduka damu la nsomba kapena chitsime cha dimba, ndipo alimi ambiri anazindikira kale kuti nthochi zimakondwa m'nkhuti yakale momwe mwadzaza zinyalala. Koposa zonse, malowo atetezedwe ku moto wa osaka mbewa ndi ku mbuzi za m'chilimwe kwa zaka zoyambirira, chifukwa ziwirizi ndi zimene zimabweza kamtengo kalikonse pansi.

Kumapiri komwe kunadulidwa nkhuni za uvuni ndi za mabalani a fodya, njira yachangu ndi yosamalira mphukira. Pa chitsa chilichonse mlimi amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, amadulira zotsalazo, n'kulambula udzu kuzungulira kuti moto usafike. Njirayi inatchuka ku Niger kuyambira 1983 kudzera mwa mlangizi wa ku Australia, Tony Rinaudo, ndipo inabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. M'chigawo chapakati cha Malawi mabungwe monga Total LandCare ndi World Vision akhala akuiphunzitsa, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 limapatsa midzi mphamvu yopatula nkhalango yawoyawo ndi kuiikira malamulo. Mu 2016 Malawi analonjeza kukonzanso mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoguga pofika 2030. Gawo lalikulu la malo amenewo ndi minda, mapiri ndi magombe a mitsinje a m'midzi ngati ya kwa Chilooko, Malenga, Kalumo ndi Nthondo, komwe chigamulo choti phiri lipume kapena nkhuti ikwiriridwe chimapangidwa pabwalo la mfumu.